Buwe wa M'ndowa ya Amayi

Linali Lachinayi, pa 7 Disembala, ndipo ndinali kuwokera fodya m'munda wa pa esiteti m'malo mokhala m'kalasi. Mvula inali itagwa bwino dzulo lake, ndipo mvula ikagwa nthawi yowokera, ana a matenanti tonse timadwala mutu tsiku limodzi. Aphunzitsi amaudziwa mutu umenewu. Safunsa zambiri, amangoyang'ana matope ouma m'miyendo mwathu tikabwerera.

Abambo ankatsogola ndi khasu kukumba maenje, amayi akuponya mbande, ine pambuyo ndikukwirira. Chakumapeto kwa mzere, khasu la abambo linatembenuza chibuma chachikulu, ndipo pansi pake panatuluka buwe. Kwa amene sanamuonepo, buwe ndi kangaude wamkulu ngati chikhatho cha mwana, waubweya wofiirira thupi lonse, ndipo amakhala m'dzenje limene amalimata yekha ndi ulusi wake. Uyu nyumba yake inali itagumulidwa. Anaimika miyendo yakutsogolo m'mwamba ngati munthu wa pa mapemphero, mano ali poyera.

"Tachoka apo, ndimuswe," anatero abambo.

Sindinachoke. Ndinangonjuta pakati pa khasu ndi buweyo, maso ali pansi.

"Mwanayu watani kodi?" abambo anafunsa amayi, pakuti mafunso onena za ine ankapita kwa amayi.

"Musiyeni, dzuwa likukwera, mbande zifota," amayi anayankha.

Iwo atatembenukira mzere wina, ndinamuvundikira ndi beseni lonyamulira mbande.

Ndiyenera kunena kuti ndine munthu wamanyazi kwambiri. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, yankho limakhala lilipo m'mutu, koma likafika pakhosi limabwerera. Kutchalitchi ndimakhala kuseri kwa mzati. Mlendo akandipatsa moni ndimayankha zala za kumapazi kwanga. Zimene ndimalephera kunena masana ndimazilemba madzulo m'kope langa, ndipo kopelo silinayambe landiuzapo kuti ndikweze mawu. Choncho nditaona chinthu chimene aliyense ankachiopa, pamene icho chinkangofuna kubwerera m'dzenje kuti anthu asiye kuchiyang'ana, ndinamva chisoni cha pachibale.

Amayi anali ndi ndowa ya pulasitiki yachikasu, ya mafuta ophikira a ku Chipata, yong'aluka pansi moti inaleka kusunga madzi. Ndinaitenga osapempha, n'kulowetsamo buwe uja pomukankha ndi tsamba la nthochi, ndipo ndinakaiika pakona ya chigafa chathu, kuseri kwa milu ya mitengo yopachikira fodya. Nthawi imeneyo chigafa chinali chopanda kanthu, ndipo palibe amene ankalowamo kupatula nkhuku.

Za kuweta buwe sindinkadziwa chilichonse, ndipo panalibe woti ndimufunse. Ngakhale akanakhalapo, ndikanamufunsa ndi pakamwa pati? Tsiku loyamba ndinatseka chivundikiro kuti gwa, poopa kuti athawa. M'mawa ndinapeza m'ndowa muli thukuta, iye ataunjikana pakona ngati chisanza. Ndinawotcha msomali n'kuboola timabowo. Ndinamuika m'ndowa yopanda kanthu, ndipo ankangoterereka pa pulasitiki mpaka ndinazindikira kuti munthu wa m'dzenje amafuna dothi. Ndinakatapa dothi la pachulu n'kuthira mpaka pakati pa ndowa. Pa zakudya ndiye ndinamulandira ngati mlendo wochokera kumudzi: kachidutswa ka mandasi, timbewu ta shuga, ngakhale kachipande ka mango. Iye sanakhudze. Amene anabwera kudzathokoza ndi nyerere, ndipo ndinatha masana onse ndikuzichotsa ndi nthenga ya nkhuku.

Tsiku lina kutazizira ndinamutulutsa kuti aothere dzuwa. Anathamanga uku ndi uku kufuna mthunzi, ndipo ndinachita manyazi ngati ndavula munthu pagulu. Tsiku linanso ndinaganiza kuti tazolowerana, ndiye ndimusisite pamsana ngati mphaka. Mwamwayi ndinayamba ndi kamtengo. Anakamenya mwamphamvu moti ndinamva kugunda kwake mpaka m'chigongono. Kuyambira pamenepo chikondi changa chinaphunzira kukhala patali.

Pang'onopang'ono ndinadziwa zimene ankafuna: dothi, mdima, kachitsekero ka botolo kokhala ndi madzi, kanthu kamoyo koti agwire mwa apo ndi apo, ndiponso kumusiya. Anakumba dzenje lake m'mbali mwa ndowa n'kuliyala ulusi woyera ngati nsalu ya pa guwa. Ziwala ndinkamugwirira kudambo, osati m'munda, chifukwa za m'munda zinkayenda ngati zoledzera abambo akapopera mankhwala. Koma chimene ankachikonda ndi mphemvu. Ndinayamba kusesa m'khitchini popanda wondituma, kusuntha madengu, kusuzumira kuseri kwa mitsuko.

Amayi si munthu woti mwana angasinthe khalidwe iwo osafuna kudziwa chifukwa. Tsiku lina ananditsatira mpaka m'chigafa. Anasuzumira m'ndowa, anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenaka anasuzumiranso.

"Ndiye ndowa yanga yapeza wochita lendi?" anatero. "Amadya chiyani?"

"Mphemvu," ndinanong'ona.

"Mphemvu." "Asalowe m'nyumba mwanga. Akakuluma usabwere kudzandilirira."

Koma mawa lake ndinapeza mphemvu ziwiri zitavundikiridwa ndi kapu pakhonde, ndipo palibe amene ananena kuti waziika ndani. Abambo nawo anadziwa pambuyo pake. Anangopukusa mutu, pakuti nthawi ya fodya munthu sakhala ndi mphamvu zokalipira zinthu zimene sizikudya fodya.

Ndikaweruka kusukulu ndinkapita m'chigafa, n'kugwada pafupi ndi ndowa kuti ndione bwino mkati. Ndinkamupatsa moni monga ndinaphunzitsidwira kulonjera aliyense amene si mnzanga wosewera naye: "Mwaswera bwanji?" Kenaka ndinkamufotokozera za tsikulo. Ndinkamuuza yankho limene ndinalidziwa koma sindinakweze dzanja, za mtsikana amene ankanditcha kuti bubu, za nsapato yanga yong'ambika. Nthawi zambiri ndinkangoona nsonga za miyendo yake pakhomo la dzenje. Sankaseka, sankandidula, sankati "bwerezanso, sitinamve." Sindidzinamiza kuti ankandikonda. Ndikuganiza kuti kwa iye ndinali mthunzi umene umagwetsa mphemvu. Koma pali anthu ambiri amene ndimawadziwa amene sanafike ngakhale pamenepo.

Mwezi wa Febuluwale tinayamba kuthyola fodya. Masiku amenewo moyo ndi umodzi: kuthyola m'mawa, kusoka masamba masana, kupachika madzulo, manja ali bii ndi phula la fodya limene sopo salidziwa. Chigafa chathu chinadzaza, ndipo ndowa ija inabisika kuseri kwa masamba olendewera. Abambo ali ndi khalidwe limene amayi amalitcha kuuma mutu: sapanikiza fodya m'chigafa. Malo akachepa amalolera kukadula mitengo ina n'kuwonjezera chigafa, ngakhale ena onse atapita kukapuma.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala banja lina la matenanti. Amayi a m'nyumbamo ndinkawatcha azakhali ngakhale si abale athu. Iwo ndi amene ankatsogolera mapemphero a amayi pa esiteti, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumjigo popanda chimkuzamawu. Amuna awo chaka chimenecho anali otanganidwa ndi njinga, kupita kumalire kukatenga zitenje ndi sopo zogulitsa, moti chigafa chawo chinatsala chaching'ono. Fodya yense anamupanikiza m'menemo ngati anthu a m'minibasi. Kenaka kunabwera mvula ya mvumbi, yosakata, dzuwa osaoneka. Fodya wawo anayamba kuda ndi kununkha. Wathu anauma bwino, wofiirira ngati tiyi wamkaka.

Madzulo ena azakhaliwo anabwera kudzabwereka singano yosokera fodya. Sanapeze munthu pakhomo, ndiye analowa m'chigafa. Anandipeza nditagwada pakona, mphemvu ili m'manja, ndikuyankhula motsitsa.

"Iwe mtsikana, ukupemphera kwa ndani uko?"

Iwo anapatula masamba, anawerama, ndipo nthawi yomweyo buwe, amene masiku ambiri sankaoneka n'komwe, anasankha kutuluka thupi lonse.

"Mayo ine! Mwazi wa Yesu!"

Anathawa n'kugwetsa mtengo wa fodya, singano osatenga.

Pofika mawa lake kumjigo, buwe wanga anali atakula ngati mbale. Tsiku linalo anali ngati beseni. Nkhani inali yakuti usiku amatuluka, n'kuluka ulusi kuchoka ku chigafa chathu kukafika ku zigafa za ena, ndipo ubwino wa fodya wawo umayenda pa ulusiwo kubwera kwathu. Kwathu kuno kuba zokolola za mnzako mwa matsenga timati kukawa, ndipo palibe mlandu woipa kuposa umenewu pakati pa anthu olima moyandikana. Umboni unalipo wokwanira. Azakhali ankauwerengera aliyense wobwera ndi ndowa yake.

"Ine amene ndinamuona akuphunzira kuyenda, ndikamupatsa moni amayang'ana pansi. Koma chilombo amachigwadira! Amachiti inu! Ndamva ndi makutu angawa, akuti, mwaswera bwanji. Ine anayamba wandifunsapo mmene ndaswerera?"

Choipa n'chakuti zonsezi zinali zoona.

Lachitatu a kapitawo anabwera pa njinga yawo. Ndi munthu wosakonda phokoso, makamaka phokoso limene lingafike kwa bwana wa esiteti. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo, mwendo umodzi uli pa pedulo, ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko.

"Achimwene," anauza abambo, "ine za matsenga sindizidziwa, ndipo sindikufuna kuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu asiya kusoka fodya, akungosoka nkhani. Loweruka tikaweruka, chinthucho mubwere nacho pabwalo chiotchedwe onse akuona. Zithere pomwepo."

"Ndamva, a kapitawo," anatero abambo.

Atachoka, abambo anandiitana. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwanawe, ife pano ndife obwera. Nyumba iyi ndi ya esiteti, munda ndi wa esiteti, ngakhale khasu. Anthu akatikana, tinyamula chiyani, tipita kuti fodya ali m'chigafa?"

Ndinasonkhanitsa mawu onse amene ndinali nawo. "Ndikamutaye kudambo."

"Ndiye Loweruka tikaonetsa chiyani? Adzati tamubisa. Zikatero ndiye sizidzathanso. Ayenera kumuona ndi maso awo akupsa."

Masiku otsatirawo ndinakonza mawu oti ndikanene pabwalo. Ndinkawabwereza panjira ya kusukulu, chimanga cha m'mbali mwa msewu chikundimvetsera. Ndimati ndikanene kuti buwe sadya fodya, kuti chiyambire Disembala sanatulukepo m'ndowa, kuti fodya wopanikiza amawola ngakhale m'dziko lopanda akangaude. Anali mawu abwino. Chimanga chinkagwedeza mitu. Koma ndinkadziwa mmene pakhosi panga pamachitira pakakhala anthu oposa awiri.

Azakhali ndi amayi anzawo analengeza kuti asala kudya mpaka Loweruka. Chodabwitsa n'chakuti buwe naye anali atasala. Kwa milungu ingapo ankadya mwa apo ndi apo, ndipo tsopano analekeratu. Mphemvu inkayenda pamwamba pake iye osaigwira, mpaka ndinkaichotsa. Ubweya wake unathimbirira, ndipo anayala ulusi wambiri pamwamba pa dothi ngati mphasa. Ndinaganiza kuti wamva, ndipo ndinasiya kumuuza nkhani za kumjigo.

Loweruka m'mawa, ndisanapite kumunda, ndinakasuzumira. Ndinamupeza atagona chagada pa mphasa yake ija, miyendo ili m'mwamba, osagwedezeka. Kangaude wamoyo sagona chagada, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ndinalira mopanda phokoso, monga ndimachitira zinthu zonse. Ndinaganiza zokamuika pansi pa mtengo wa mango, nditamukulunga m'tsamba la fodya wabwino. Ndinakauza abambo.

Anapuma mpweya wautali. "Mulungu watichitira chifundo, sumuona akuvutika pamoto. Koma usamukwirire, usamukhudze. Anthu akufuna mtembo."

Chotero chimene chinandiletsa kumukwirira m'mawa umenewo si nzeru zanga. Ndinalibe. Anali anthu omwe aja ofuna kumuotcha.

Tinathyola fodya mpaka dzuwa litafika pamutu, tinasoka mpaka litapendeka. Kenaka tinamva kulira kwa chitsulo cha pa esiteti, ndipo abambo anati, "Pita ukamutenge." Ndinatenga khasu lawo kuti ndimunyamulirepo, n'kulowa m'chigafa ndekha. Nditachotsa chivundikiro ndinatsala pang'ono kukuwa, koyamba m'moyo wanga.

M'ndowa munali abuwe awiri.

Mmodzi anali chigonere chagada, monga ndinamusiyira. Winayo anali pambali pake, atatambasula miyendo, wonyezimira ngati wadzola mafuta, ubweya wake watsopano, mano oyera ngati mpunga. Ankasuntha mwendo umodzi pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuyesa malaya a Khirisimasi. Ndinaganiza kaye kuti azakhali ananena zoona ndipo ine ndiye wopusa. Kenaka ndinayang'anitsitsa wogona uja. Nditamutembenuza ndi kamtengo, ndinaona kuti pamsana pake panali potseguka ngati chivundikiro cha poto, mkati mulibe kanthu. Ndinakumbukira zigoba za nyenje zimene timazipeza zitakakamira pa makungwa a mitengo, ndi zikopa za njoka za pachulu. Buwe wanga sanafe. Anali atafundula. Palibe amene anandiuzapo kuti kangaude naye amavula.

Ndinatenga timitengo tiwiri n'kunyamula chigoba chija mosamala. Chinali ndi zonse: miyendo, ubweya, ngakhale mano akuda. Ndinachiika pa khasu. Mwini wakeyo anaoneka wofewa ngati phala, woti ngakhale nyerere ingamupweteke. Ndinabwezera chivundikiro, n'kuphimba ndowa ndi chiguduli.

Pabwalo panali anthu ngati tsiku lolandira phoso. Anasankha malo akutali ndi zigafa, poopa moto. Abambo ena anali ataunjika nkhuni zokwanira kuwotchera njerwa, ena atagwira zibonga, mmodzi atabweretsa botolo la parafini. Amayi a mapemphero ankaimba, milomo itauma ndi njala. Ine ndinayenda pakati pawo khasu lili patsogolo, ndipo anthu ankapatuka ngati ndanyamula makala amoto.

"Ndi chimenechi?" anafunsa a kapitawo.

Iyi ndiyo inali nthawi ya mawu anga aja. Ndinawafunafuna, koma anali atatsala kwa chimanga. Ndinayang'ana zala za kumapazi.

"Mwanayu mumamudziwa, a kapitawo, sayankhula," amayi anandiyankhira, monga mwa masiku onse.

Azakhali anayandikira, atakokera chitenje m'mwamba. Anawerama patali ndithu.

"Ndi chomwechi! Ubweya wake womwewu, mano ake omwewa. Koma taonani, anthuni, chafa! Chafa chokha! Tinati chiyani ife? Mumatiseka kuti tikudzizunza ndi njala!"

"Ameni!" anayankha amayi anzawo.

Bambo wina wachikulire, amene amasamala ng'ombe za ngolo, anachigwedeza ndi nsonga ya ndodo. "Koma chapepukatu ichi. Taonani, m'katimu muli mphako. Nyama yake yapita kuti?"

Ndinaona amayi akuyang'ana khasu, kenaka ine, kenaka kumwamba ngati akuona za mvula.

"Nanga inu agogo mumayesa pemphero limasiya kanthu mkati?" anatero azakhali. "Limayambira m'kati kupsereza!"

"Ameni!"

Nthawi yomweyo kunadutsa kamphepo, ndipo chigoba chija chinanyamuka pa khasu n'kuyenda pang'ono pansi. Abambo a zibonga aja analumphira m'mbuyo, wina anagwera pa nkhuni, wa parafini anathawa ndi botolo lake mpaka anachita kumuitana. A kapitawo anachiponda m'mbali ndi nsapato, anachikankhira pa udzu wouma, n'kuyatsa machesi. Chinangoti psuu, kafungo ngati ka tsitsi lopsa, basi. Nyimbo inali isanafike ngakhale pa kolasi.

Anthu anangoyang'ana kadontho kakuda pansi.

"Basi?" anatero a kapitawo. "Nkhuni zonsezi? Aliyense atenge zake, akaphikire. Lolemba ndikufuna kuona anthu akusoka fodya."

"Nanga ndowa yake?" anafunsa azakhali. "Ndowa nayo ipse."

"Ndowa ndi yanga, amayi," anatero amayi anga mofatsa. "Inabwera ndi mafuta, sinabwere ndi buwe. Mukayamba kuotcha chilichonse chimene munalowa kangaude, tiyambire nyumba yanu kapena yanga?"

Anthu anaseka, ngakhale ena a mapemphero, ndipo a kapitawo anakwera njinga nkhani isanayambirenso.

Azakhali sanali munthu woipa mtima. Fodya wawo anali atawola, chaka chonse chitapita pachabe, ndipo n'kosavuta kukwiyira kangaude kusiyana ndi mwamuna amene ukudya naye mbale imodzi. Anabwera kwa ine misozi ili m'maso, anandigwira mutu ndi manja awiri, n'kupemphera kuti lilime langa limasuke tsopano popeza chondimanga chapsa. Anapemphera nthawi yaitali. Atamaliza ndinaona kuti n'kupanda ulemu kungochoka, ndiye ndinati, "Zikomo, azakhali."

"Mwamva? Wayankhula! Anthuni, mwana wayankhula!"

Anandiombera m'manja ndi nthungululu. Sindinayambe ndayamikiridwapo chotero, ngakhale tsiku limene ndinakhoza masamu kuposa kalasi yonse.

Dzuwa lisanalowe ndinapeza amayi akutuluka m'chigafa ndi tsache. Anaima n'kudzigwira m'chiuno.

"Ndasesa monse," anatero, osandiyang'ana, "koma pakona paja sindinafikepo. Msanawu." Anagogoda tsache pa mzati. "Azakhali ako singano ija sanatenge. Abweranso Lolemba, ndipo ukuwadziwa, sagogoda."

Ndinagwedeza mutu.

"Mawa kutchalitchi kuli maumboni. Atuluka mochedwa, pakuti wina ali ndi zambiri zoti anene. Esiteti yonse ikakhala kumeneko." Anathyola kaudzu pa tsache n'kukataya. "Kodi mutu wako uja umangodziwa kuwawa nthawi yowokera? Lamulungu suwawa?"

Analowa m'nyumba. Ali pakhomo anatembenuka. "Ndowayo ndi yong'aluka kale. Sindikuifuna msanga."

Ndinabwerera m'chigafa n'kukweza chiguduli pang'ono. Anali pomwe paja, akuwongola miyendo yake yatsopano umodzi umodzi, osadziwa kuti wafa, wapsa, ndipo mawa akamuchitira umboni. Ndinkafuna kumusunga. Ndinkafuna kuona ngati ubweya watsopanowo udzadere, ndiponso kumupatsa mphemvu yoyamba mano akalimba. Koma chigafa chilibe chitseko, ndipo chigoba china choti ndidzapereke m'malo mwake ndinalibe. Sindinamupatse moni. Ndinangogwada pamenepo mpaka amayi anandiitana kuti ndikatsuke mbale.

Madzulo amenewo ndinalemba m'kope chimene ndinatsimikiza. Mawa, belu lachiwiri likalira ndipo njira ikakhala yopanda anthu, ndidzasenza ndowa pa nkhata ngati wopita kumadzi, ndikuyenda pang'onopang'ono kuti dothi lisagwedezeke. Ndidzawoloka dambo mpaka pachulu cha tsidya lija, pamene salimapo ndipo sipafika mankhwala. Ndidzaikhazika mopendeka pamthunzi wa chitsamba, ndidzathira madzi m'kachitsekero, ndidzaphimba ndi udzu, ndipo chivundikiro ndidzabwera nacho kunyumba.